Liwu Limene Ndinawalanda Azakhali

Azakhali anga aNangozo, mlongo wawo wa bambo anga, tinawaika mwezi watha, tsiku la mphepo yozizira, ndipo mitsuko yawo tinakaiswera pamanda monga timachitira. Anapita ndi chifuwa chija chinabwera ndi anthu obwerera ku nkhondo ya Ajeremani, chimene chalowa nyumba ndi nyumba kuno ku Lobi. Masiku ano maliro achuluka, moti a nkhalamba yosabereka sakhalitsa pakamwa pa anthu. Ena onse ayamba kale kuiwala. Ine zikundikanika, chifukwa ndili nawo mlandu, ndipo mlanduwo ndi wa liwu limodzi lokha.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa ngati a mwamuna, zala zong'aluka ndi dothi. Ntchito yawo inali kuumba mitsuko, mbiya ndi miphika, ndipo kuyambira kuno mpaka ku Mphunzi mkazi wofuna mtsuko wosadontha ankadziwa khomo loti agogode. Kugogodako n'kumene kunalinso chizolowezi chawo. Mtsuko ukachoka pamoto ankaugogoda ndi chala, khutu atatchera, n'kunena ngati uli ndi mng'alu wobisika kapena ayi. Zinawalowa m'magazi. Ankagogoda dzungu, nkhokwe, chitseko cha tchalitchi, ngakhale mutu wa mwana amene wawayankha zopanda pake. Wanga anaugogoda kambirimbiri, ndipo sindikumbuka tsiku limene unawalirira bwino.

Pakamwa pawo panali pakuthwa. Ndi mayi anga, alamu awo, ankakangana mlungu uliwonse, nthawi zambiri chifukwa cha nkhuku zoponda miphika isanaume. Ankatukwana nkhuku, koma aliyense ankadziwa kuti mawuwo akupita kwa mwini wake. Nditabatizidwa n'kukhala Lukasi, iwo anakana dzinalo, ati silikukhala bwino pankhope panga, ndipo mpaka kufa ankanditchula Kamtedza, dzina langa la paubwana. Kutchalitchi ankapita, koma ankakhala kumbuyo kwenikweni, fodya wa m'mphuno ali m'chiuno.

Anakwatiwapo kutsidya kwa Linthipe ine ndisanabadwe. Patapita zaka popanda mimba, anawabweza kwa bambo anga, ng'ombe za malowolo n'kubwerera kumene zinachokera. Nkhani imeneyo sankaikamba. Kwathu kuno mkazi akabereka amayamba kuitanidwa ndi dzina la mwana, amake uje, amake uje. Iwo analibe wowatchulira. Ife ana a mlongo wawo tinkati azakhali, ana a anthu ena anatengera kwa ife, mapeto ake mudzi wonse, ndi akuluakulu omwe, unkangoti azakhali. Ankayankha ndithu, koma osatembenuka.

Mwana anabwera m'dzinja, zaka khumi ndi zitatu zapitazo, ine nditangokwatira kumene. Msewu wa amtengatenga umadutsa kumunsi kwa mudzi wathu, pafupi ndi dambo limene azakhali ankakumbako dothi. Tsiku lina anapeza mkazi atagona m'mbali mwa msewuwo, thupi lili moto, kamtsikana ka zaka ngati ziwiri kakuseweretsa mkanda wa m'khosi mwake. Amene ankayenda naye anali atamusiya. Azakhali anataya dengu la dothi, anabereka mkaziyo kumsana, mwana kumanja, mpaka kunyumba. Chinenero chake palibe ankachimva, ngakhale nkhalamba zathu zimene zinkadziwabe Chingoni. Anakhala masiku awiri. Tsiku lachitatu masana anamwalira, dzina lake ndi la mwana wake osadziwika.

Titabwera kumanda, bambo anga anati mwanayo apite kumishoni, kumene ankalandira ana amasiye. Azakhali anali atamubereka kale kumsana.

"ANangozo, mwana alibe mfunda, alibe kwawo," anatero bambo. "Anthu akatifunsa kuti ndi wa yani, tinenenji?"

"Mwamutcha kale dzina," anayankha azakhali. "Zikomo."

Mwanayo anakhala Tinenenji kuyambira tsiku limenelo.

Koma Tinenenji sankanena kanthu. Dzinja linatha, tinakolola, chisanu chinabwera n'kupita, iye pakamwa ali tseke. Ana amsinkhu wake ankatchula kale mbuzi ndi galu, ena ankatha ndi kutukwana komwe. Iye ankangoyang'ana ndi maso ake akuluakuluwo, akafuna chinthu n'kuloza. Mudzi sunasowe zonena. Mayi anga ankati pansi pa lilime pali kamtsempha kofunika kudula, ndipo anali atapeza kale mkulu wina wodziwa lumo. Ena ankati amake anamutengera mawu kumanda. Bambo anayambanso nyimbo yawo ya kumishoni, ati mwana wosalankhula adzakhala mtolo wa ife azakhali akadzafa.

Azakhali anachita zimene ankadziwa. Anamukhazika mwanayo pakhonde, anazembera kumbuyo kwake, n'kugogoda mtsuko pang'onopang'ono. Tinenenji anatembenuka. Anagogoda wina mbali ina, anatembenukanso. Madzulo ake anauza mudzi wonse, mokweza kuti mayi anga amve, kuti makutu ali bwino, ndipo wobwera ndi lumo pakhomo pawo abwerenso ndi nsalu yodzamangira chilonda chake. Ankati iwo mphika amauumitsa pamthunzi, kaya utenge masiku angati, ndipo sanauthamangitsirepo padzuwa chifukwa choti alamu ali ndi changu.

Sindinaonepo munthu wamkulu akusewera ndi mwana ngati mmene ankachitira iwo. Amayi ena ankati nkhalamba yapenga. Ankakhala pansi, miyendo tambalale, mwana patsogolo pawo, aliyense ndi dothi lake. Iwo akuumba mtsuko, iye akuumba zinthu zosadziwika mutu wake, ndipo zonsezo ankazilowetsa pamoto pamodzi ndi miphika yeniyeni. Anaumba timiphika titatu tating'ono tobisiramo mwala, n'kumatisinthasintha kuti mwana apeze. Akaupeza ankaseka mokweza mpaka kugwa chagada, ndipo azakhali ankaitana aliyense wodutsa kuti amve yekha kuti mawu alimo, angochedwa kutuluka. Anamupangira mwana wa chitsononkho, n'kumumangirira kumsana ndi kansanza. Tsiku lonse pakamwa pawo sipankapuma. Ichi chikho. Iyi nkhuku ya alamu anga, yopanda mwambo. Uwu mwala. Tinenenji ankawayang'ana milomo, nthawi zina n'kuigwira ndi tizala take tadothi, moti azakhali ankapita kuchitsime milomo ili yofiira osadziwa.

Liwu linatuluka mwezi wotentha uja mvula isanagwe. Azakhali ankawotcha mbiya masana, moto uli lawilawi, mwana ataima chapatali thukuta lili kamukamu. Anabwera n'kuwakoka nsalu.

"Mahi."

Ine ndinali pakhola ndipo ndinawaona akubwera chothamanga, mwana ali m'manja, mbiya atazisiya pamoto. Tsiku limenelo zinasweka zinayi, ndipo sanazidandaule.

"Alamu, tulukani. Kamtedza, bwera. Wanditchula. Nenanso, mwanawe, nenanso amve."

Mwana analira, n'kunenanso: "Mahi."

Tonse tinamva kuti wati mayi. Tikanamvanso chiyani? Lilime la mwana limapotoza mawu, ndipo palibe amene anadabwa ndi kamphepo kanali pakati pa liwulo. Azakhali anapha tambala wawo yekhayo. Anavina pabwalo, munthu amene sankavina ngakhale paukwati. Mawa lake anapempha, mwamanyazi ngati namwali, kuti tsopano tiziwatchula amake Tinenenji. Ena anayamba moseka, kenaka zinazolowereka. Bambo anasiya za kumishoni, ati mwana amene watchula kale amake sachotsedwa pakhomo. Ngakhale nkhuku za mayi anga zinapuma.

Chinthu chimodzi chokha chinkatidabwitsa. Tinenenji akanena liwulo, azakhali ankasiya chilichonse, kumunyamula, kumubereka, kumuvinitsa, koma mwana ankangowonjezera kulira. Akamutsitsa ankathamangira pa phale la madzi onyowetsera dothi n'kumwa matope omwewo. Tinkati amulera mosasatitsa, basi.

Chaka chotsatira ndinapita kukagwira ntchito m'minda ya azungu kunsi kwa phiri la Mulanje. Kumeneko ndinakumana ndi Alomwe, anthu ochokera kutsidya kwa malire a Apwitikizi. Tsiku langa lachiwiri, dzuwa lili pamutu, mwamuna wina anaponya khasu pansi n'kufuula, "Mahi, mahi," ndipo mkazi anabwera ndi chikho. Ndinafunsa wina womva zinenero zonse ziwiri, nandiuza kuti liwulo ndi madzi. Ndinaseka ndekha m'mundamo. Ndikanakhala munthu, ndikanalisiya komweko. Koma ndinalisunga, n'kubwera nalo kwathu pamodzi ndi chipewa chimene ndinagula.

Tsiku limene ndinafika, mayi anafulula thobwa ndipo anthu anadzaza pakhonde la bambo. Ndinkawafotokozera za kumwera, ndikuponyamo timawu ta Chingerezi timene ndinatola kwa kapitawo, chipewa chili pamutu ngakhale tinali pamthunzi. Azakhali anabwera mochedwa, Tinenenji akuwagwira nsalu. Mwanayo anali atakula, koma liwu lake linali likadali limodzi lomwe lija. Azakhali anaima pambali panga, n'kugogoda chipewacho ndi chala, khutu atatchera.

"Chikulira ngati m'katimu mulibe kanthu."

Anthu anaseka, ndi mkazi wanga yemwe.

"Wapita miyezi isanu ndi umodzi, Kamtedza, wabwera ndi mawu obwereka, osadziwa kumene ayambira ndi kumene athera. Mwana wangayu ali ndi liwu limodzi, koma ndi lake, ndipo amadziwa amene akumuitana."

 Ndinali ndi mpata wokhala chete, ndipo ndikukumbuka kuti ndinauona mpatawo.

"Sakuitana inu, azakhali."

Kuseka kunatha.

"Liwu limenelo ndalimva ku Mulanje. Ndi la Alomwe. Sakuti mayi, akuti mahi. Ndi madzi. Chaka chonsechi mwanayu wakhala akukupemphani madzi akumwa, inu n'kumavina."

Sindinalekere pomwepo. Ndinatunga madzi m'chikho n'kuchionetsa kwa mwanayo. Anatambasula manja onse awiri, nati, "Mahi," ndipo anamwa mpaka kugubudiza.

Ndinkayembekeza kuti anditukwana, ndipo ndinali nditakonzeka. Iwo anangokhala pansi pomwe anaimapo, pafumbi.

"Wati madzi?"

"Eya."

Anayang'ana zala zawo. Atalankhula, sanalankhule za mwana.

"Mkazi uja, tsiku lomaliza lija, ankangoti mahi, mahi, kuyambira m'mawa. Ine ndinkati akuitana amake, monga amachitira anthu akamafa. Ndinamugwira dzanja, ndikumuuza kuti ndili pompano, asaope. Mtsuko unali kumutu kwake, Kamtedza. Wodzaza."

 Ananyamuka, anagwira mwana padzanja, napita kwawo. Thobwa linatsala m'mbiya.

M'mawa mwake masewera aja anasintha. Ndinawamva ndili m'munda wa nyemba kuseri kwa nyumba yawo. Anagwira chikho patsogolo pa mwana, akunena pang'onopang'ono, "Ma-dzi. Ma-dzi." Mwana akati mahi, ankapukusa mutu n'kubwerezanso. Tinenenji analira, nawonso analira, koma sanasiye. Mayi anga, amene sanawamverepo chisoni, anapita kukawapempha kuti amuleke mwanayo, liwulo likhale momwe lilili, zilibe kanthu. Azakhali anakana. Anati iwo sadzakhala ndi moyo mpaka kalekale, ndipo safuna kuti tsiku lina mwana wawo adzagone pakati pa anthu a makutu awiri akupempha madzi, anthuwo n'kumamugwira dzanja.

Patatha mlungu mwana anati madi. Kenaka madzi. Zitatero zinangokhala ngati wina watsegula khola. Mvula isanathe anali akutchula chikho, mwala, nkhuku, moto, ndipo pofika nthawi yokolola ankalongolola kuposa ana obadwira pamudzi. Mahi anaiwala. Koma mwana amaitana munthu monga mmene akumvera anzake akuitanira, ndipo ana onse a pabwalo pathu ankati azakhali. Tsiku lina ndinamumva akuthamanga kuchokera kudambo, akufuula, "Azaali, azaali, onani." Iwo anayankha. Sanamukonze. Dzina lija loti amake Tinenenji linazilala lokha, chifukwa anthu ankachita manyazi kulitchula pamaso pawo atamva zonse zija.

Chaka chomwecho azakhali anaumba mtsuko waukulu kuposa yonse imene anaumbapo. Anakauika pansi pa mkuyu m'mbali mwa msewu, pafupi ndi pamene anapeza mkazi uja, pamwamba pa miyala itatu, chikho atachikoleka panthambi. M'mawa uliwonse ankaudzaza, maulendo atatu a kuchitsime, dzinja ndi chilimwe. Sanafotokozere munthu chifukwa chake. Mlendo aliyense wofika pakhomo pawo ankayamba wamwa madzi asanapatsidwe moni, ndipo akakhala wa chinenero chachilendo ankamuumiriza chikho chachiwiri. Nthawi ya nkhondo, amtengatenga akudutsa mazanamazana, mtsukowo unkatha dzuwa lisanafike pamutu, ndipo ankabwerera kuchitsime msana uli wopindika.

Ine sindinapepese. Ndinkawatemera nkhuni zowotchera mbiya, ndinkawafolerera nyumba, ndinkawalimira kamunda kawo. Ankalandira zonsezo, n'kumandigogodabe m'mutu ngati kale. Kamodzi kokha ndinayesa kubweza chimene ndinatenga. Tinenenji ali ndi zaka ngati zisanu ndi ziwiri, ndinamupatsa nzimbe n'kumuuza kuti akafika kunyumba akati amayi. Ndinamutsatira chapatali. Anawapeza akukulungiza mphika.

"Amayi, ndabwera."

Dzanja lawo linaima. Sanadzutse mutu.

"Wakutuma ndani?"

"ALukasi. Andipatsa nzimbe."

"Idya nzimbe yako, mwanawe. Uzindiitana monga umandiitanira."

Kenaka anayang'ana kumene ndinabisala, kuseri kwa nkhokwe, ngati anandiona kalekale. Anandiuza kuti chiyambire kuumba sanagulitsepo mtsuko womata dothi pamng'alu, ndipo sayamba lero kusunga wotero m'nyumba mwawo. Anati ndikafuna kuwathandiza ndikatunge madzi a kumsewu, chifukwa bondo likuwawawa.

Tinenenji anakula ali mwana wawo m'zonse kupatula pakamwa. Anaphunzira kuumba, anatengera kugogoda, anatengeranso ndi lilime lomwe, moti anyamata a kuno amamuopa. Chifuwa chitawagwira azakhali, ndiye ankawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwaphikira phala. Pamaliro analira kuposa aliyense. Koma pamene mwana wamkazi amalira kuti mayi wanga ine, iye ankalira kuti azakhali anga ine, ndipo ine ndinachoka pagulu la amuna n'kukaima kuseri kwa khola.

Tsiku lawo lomaliza ndinalipo. Anali masana, chitseko chili chotsegula kuti mulowe mpweya. Kuyambira m'mawa sanalankhule. Tinenenji anakhala kumutu kwawo, ine chakumiyendo. Mwadzidzidzi anatsegula maso, n'kuyang'ana mtsikanayo nthawi yaitali, milomo ikugwedezeka.

"Mahi."

Tinenenji anawagwira dzanja, n'kunditembenukira.

"Akuitana amayi awo," anatero chapansipansi. "Ndili pompano, azakhali. Musaope."

Ndinadumpha ngati ndaponda moto. Ndinatunga madzi n'kuwadzutsa mutu. Ena analowa m'kamwa, ena anatsikira m'khosi. Sindikudziwa ngati anamwa. Maso awo sanachoke pa Tinenenji. Mpaka lero sindikudziwa ngati anali ndi ludzu, ngati ankaitana amayi awo, kapena ngati ankamukumbutsa mwanayo liwu lake kuti alinenenso kamodzi. Dzuwa lisanapendeke anali atapita.

Dzana Tinenenji anandifunsa chimene chinkawachititsa azakhali kuvutika ndi mtsuko wa kumsewu zaka zonsezi. Sadziwa za mkazi uja ndi mtsuko wodzaza. Sadziwanso kuti chaka chathunthu iye anali ndi liwu limene linkavinitsa nkhalamba pabwalo. Amene analipo pakhonde tsiku lija ambiri anafa, ndipo otsalawo sakamba. Ndinamuyankha kuti sindikudziwa, anali munthu wa zakezake.

Mtsuko wa kumsewu tinauswera pamanda pamodzi ndi inzake. Pansi pa mkuyu patsala miyala itatu, ndi malo ozungulira pamene udzu sunamere chifukwa cha mapazi. Njuchi zimene zinkabwera pachinyontho zasiya. Chikho tinachiiwala panthambi, ndipo chikadali pomwepo, chang'aluka ndi dzuwa. Anthu apaulendo amene anazolowera malowo amapatukabe pamsewu. Ndimawaona ndili m'munda. Amafika pamiyalapo, amatula katundu, amachotsa chikho panthambi, amayang'ana uku ndi uku. Kenaka amachibwezera pamalo pake, n'kusenza katundu wawo.